Tingasinthe Zinthu Popanda Kugenda Mwala

Awa ndi mawu amene mlangizi wa achinyamata anayankhula kwa mamembala a makalabu a Edzi Toto ndi ophunzira amene anasonkhana pa Jenda, m'boma la Mzimba. Tawasindikiza kuti makalabu ena awerenge ndi kukambirana.

Monire mose! Yewo, yewo chomene. Chitumbuka changa chathera pomwepa, choncho mundilole ndipitirize m'Chichewa. Pamene sipakumveka, mnzanu wapambali akunong'onezeni.

Ndiyambe ndi kuthokoza mafumu athu, aphunzitsi amene mumayang'anira makalabu, alangizi a zaumoyo, komanso inu achinyamata amene mwapalasa njinga kuchokera ku Embangweni, ku Champhira, ku Luwerezi ndi kwa Mabulabo. Achinyamata oyee!

Kum'mawaku, pamene munali m'magulu, munalemba zinthu zimene zikukupwetekani. Ndawerenga mapepala anu onse, ndipo nkhani zitatu zabwera mobwerezabwereza. Yoyamba: mnzanu amene amamwa ma ARV akubisa mankhwala ake pansi pa matiresi kusukulu yogonera konko, ndipo masiku ena sakumwa, poopa kusekedwa. Yachiwiri: mtsikana wa Fomu 1 wasiyitsidwa sukulu chifukwa bambo wina wabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto, ndipo ng'ombe zaperekedwa kale. Yachitatu: mukapita kuchipatala kukafunsa za makondomu kapena kukayezetsa magazi, ena amakukalipirani pagulu ngati mwaba.

Kenaka mchimwene wina anaimirira nati, "Akuluakulu samva pokhapokha magalasi asweke." Ambiri munaomba m'manja. Mchimwene, sindikudzudzulani ayi, chifukwa mawu amenewo inenso ndinawanenapo.

Zimene ndinaona ndi maso anga

Ndili Fomu 3, kusukulu kwathu tinkadya nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku. Tinkadandaula m'mahositelo, tinkadandaula kubafa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene analembapo kalata kapena kupempha kuonana ndi ahedi. Usiku wina magetsi atazima, wina anaimba likhweru, miyala inayamba kuuluka. Ine ndinagenda iwiri. Tinaswa magalasi a holo ndi a laibulale, ena anathyola chitseko cha sitolo ya zakudya.

Kutacha apolisi anabwera. Sukulu inatsekedwa kwa milungu ingapo. Kholo lililonse linauzidwa kulipira ndalama zokonzera zowonongeka, ndipo amayi anga anagulitsa mbuzi yomwe ankasungira fizi ya mlongo wanga. Anyamata angapo anachotsedwa sukulu. Mmodzi mwa iwo, mnzanga wapabedi loyandikana nalo, anali wanzeru kuposa tonse pa masamu. Sanabwererenso m'kalasi. Nanga nyemba zija? Titabwerera tinazipeza zomwezo, anankafumbwe ali mbuu. Pamsonkhano wa makolo palibe anakamba za nyemba. Aliyense ankakamba za magalasi.

Phunziro lake ndi limeneli, anzanga: ukagenda mwala, nkhani imasintha. Mlandu umachoka kwa amene anakulakwira n'kubwera kwa iwe. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sukulu ndi mkhate wathu, chipatala ndi mkhate wathu. Ukaponya chibonga, khoswe amathawa, mkhate ndiwo umasweka.

Tsono kodi tizingokhala chete? Ayi ndithu. Kukhala chete n'kumene kukuchititsa mnzathu uja kudumphitsa mankhwala. Pali njira yachitatu, pakati pa kukhala chete ndi kuswa zinthu: kumenyera chilungamo mwamtendere. Ena amaitcha njira ya amantha. Ndikupatseni zitsanzo, muweruze nokha.

Agogo athu a kuno ku Mzimba

Musaganize kuti nzeru imeneyi ndi yochokera kunja. M'chaka cha 1920, aphunzitsi, abusa ndi mafumu a dera lino anayambitsa bungwe lotchedwa Mombera Native Association, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali Charles Chinula. Awa anali ana a Angoni, mtundu wodziwa nthungo ndi chishango. Koma anaona kuti nthawi ya nthungo yatha. Ankakhala pansi, kukambirana, kulemba mfundo zawo bwinobwino n'kuzitumiza kwa boma la atsamunda. Mabungwe otere m'maboma osiyanasiyana ndiwo anagwirizana m'chaka cha 1944 n'kupanga Nyasaland African Congress, ndipo pulezidenti wake woyamba anali Levi Mumba. Ulendo wa ku ufulu wa 1964 unayamba ndi anthu ogwira cholembera.

Kalata imene inagwedeza dziko

Makolo anu akuuzeni momwe zinthu zinalili nthawi ya chipani chimodzi. Munthu sunkatha kudzudzula boma ngakhale m'nyumba mwako. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inakamba za umphawi, malipiro ochepa, mavuto a m'masukulu ndi m'zipatala, komanso kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Boma linakwiya. Maepiskopi anaopsezedwa, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno.

Mukudziwa amene anayamba kutuluka pamsewu kuikira kumbuyo kalatayo? Anali ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba, achinyamata osasiyana kwambiri ndi inu. Anayenda akuimba, m'manja mulibe chida. Koleji inatsekedwa. Pa 6 Epulo chaka chomwecho, Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe atanyamula pepala la mawu ake, akudziwa bwino lomwe kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi. Kodi amenewo ndi mantha?

Sindikubisirani, si zonse zinayenda mwamtendere. M'mwezi wa Meyi 1992 sitalaka ya ogwira ntchito ku Blantyre inasanduka chipolowe, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu oposa 30 anafa. Koma chimene chinathetsa nkhani sichinali chipolowecho. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaima pamizere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri, ndipo kuno kumpoto anali pafupifupi 9 pa anthu 10 alionse. Mayiko ena anafika pomwepo atakhetsa mwazi kwa zaka zambiri. Ife tinafikapo ndi kalata, nyimbo ndi kapepala ka voti.

Ma ARV sanagwe kumwamba

Tsopano tibwere pa nkhani yathu ya Edzi. Lero munthu akapezeka ndi kachirombo ka HIV amayamba kulandira mankhwala kwaulere. Ena mwa inu mumaganiza kuti zakhala choncho kuyambira kale. Ayi. Cha m'ma 2000, mankhwala a munthu mmodzi pa chaka ankagulidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 10,000 a ku America. Ku Ulaya anthu ankamwa n'kukhala ndi moyo. Kuno tinkangokumba manda.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri a kuno ku Mzimba amapita kukagwira ntchito, kagulu kochepa ka anthu kanakumana ku Cape Town pa 10 Disembala 1998 n'kuyambitsa bungwe la Treatment Action Campaign, mwachidule TAC. Anachita chiyani? Choyamba anaphunzira. Amayi a m'makomboni, ena osapita patali ndi sukulu, anaphunzira momwe kachirombo kamagwirira ntchito m'thupi, mayina a mankhwala ndi mitengo yake, mpaka nduna ikanama ankatha kuiwongola. Chachiwiri, anavala malaya olembedwa kuti HIV Positive, amene ali ndi kachirombo ndi amene alibe omwe, kuti wosala asowe woloza chala. Nelson Mandela nayenso anawavala m'chaka cha 2002. Mtsogoleri wawo, Zackie Achmat, anakana kumwa ma ARV kwa zaka zingapo ngakhale anali kudwala, ponena kuti samwa pamene osauka akulephera kuwapeza.

Anayenda m'misewu, analemba zikalata, anapita kukhoti. M'chaka cha 2001 makampani 39 opanga mankhwala anachotsa mlandu umene anasumira boma la South Africa pofuna kuteteza mitengo yawo. M'chaka cha 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linalamula boma kuti lizipereka mankhwala a nevirapine kwa amayi oyembekezera, kuteteza ana. M'chaka cha 2003 mamembala a TAC ankalowa m'mapolisi mwamtendere, okonzeka kumangidwa, ndipo pakutha pa chakacho boma linavomera kupereka ma ARV m'zipatala zake. Mfuu ya anthu otere m'mayiko ambiri inathandiza kugwetsa mitengo ndi kutsegula thumba la Global Fund, ndipo kuno kwathu ma ARV aulere anayamba m'chaka cha 2004.

Kunonso amayi athu sanagone. Mankhwala oyamba aja anali ndi mtundu wina wotchedwa stavudine, umene unkasintha maonekedwe a thupi: masaya kulowa, miyendo kuwonda, mapazi kuchita dzanzi. Munthu ankadziwika ndi maonekedwe okha, kusalidwa n'kumakula. Amayi amene ali ndi kachirombo, kudzera m'mabungwe awo monga COWLHA, anasonkhanitsa maumboni, anaimirira pamaso pa atsogoleri a dziko n'kunena za matupi awo mosachita manyazi. M'chaka cha 2013 boma linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala ena abwinopo. Choncho mbewu ya mankhwala imene mnzathu akubisa pansi pa matiresi ija ili ndi mbiri. Anthu anaimenyera nkhondo, nkhondo yopanda mwala.

Atsikana amene anasintha lamulo

Achemwali, ichi n'chanu. Memory Banda, mtsikana amene anakulira ku Chiradzulu, anaona mng'ono wake akutenga mimba ali ndi zaka 11. Iye ndi atsikana anzake, mothandizidwa ndi bungwe la Girls Empowerment Network, anayamba ndi mafumu a kwawo, kuwapempha kuti akhazikitse malamulo a m'mudzi oletsa kukwatiwitsa ana. Kenaka anafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo, kukumana ndi aphungu ndi kuwatumizira mauthenga pafoni osatopa. M'chaka cha 2015 aphungu anavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu.

Ndiye mtsikana wa Fomu 1 uja lamulo lili kumbali yake. Ng'ombe zingaperekedwe, koma sizifafaniza lamulo. Ndipo mtsikana amene wabereka ali ndi mwayi wobwerera kusukulu. Ndondomeko imeneyi boma linaikhazikitsa kale mu 1993. Chosowa ndi anthu oti aimirire n'kunena.

Nanga ife tiyambire pati?

Tulutsani makope, mulembe izi.

Choyamba, idziweni bwino nkhani yanu. Safunsa anadya phula. Musapite kwa akuluakulu ndi "akuti akuti". Zinachitika liti? Kangati? Anaona ndani? Lamulo likuti chiyani? Mukanama kamodzi kokha, zoona zanu zonse zidzatayidwa.

Chachiwiri, pemphani chinthu chimodzi chooneka ndi maso. "Tikufuna kusalana kuthe" ndi mawu abwino, koma ahedi sangawagwire m'manja. Nenani kuti, "Tikupempha kuti pakhale mphunzitsi mmodzi kapena matironi wosunga chinsinsi, amene ophunzira omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a matenda alionse, angamakasungitseko mankhwala awo." Kuchipatala nenani kuti, "Tikupempha tsiku limodzi pa mlungu, masana, loti achinyamata azithandizidwa paokha." Pempho lotere munthu amayankha kuti inde kapena ayi.

Chachitatu, gogodani pakhomo loyenera, kuyambira lapafupi. Za kusukulu: aphunzitsi oyang'anira kalabu, ahedi, komiti ya sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi loyang'anira atsikana. Za kuchipatala: mkulu wa pachipatalapo ndi komiti ya anthu a m'mudzi yoona za chipatala. Za ukwati wa mwana: anyakwawa, agulupu, Inkosi, wogwira ntchito yoteteza ana, ndi ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Likakanika khomo loyamba, pitani lotsatira, mpaka kwa bwanamkubwa ku boma ku Mzimba.

Chachinayi, lembani. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo. Kalata ikhale yaifupi, yaulemu, ya deti, yosainidwa ndi anthu ambiri, ndipo ina yofanana nayo isungidwe m'faelo ya kalabu. Pomaliza pake funsani kuti, "Tibwere liti kudzamva yankho?" Tsikulo likafika, pitani. Ulemu si kugonja. Mungathe kugwada pamaso pa Inkosi monga mwa mwambo wathu, koma mawu anu ali chiimire.

Chachisanu, pezani abwenzi. Mutu umodzi susenza denga. Pali abusa, ashehe, amayi a mvano, aphunzitsi opuma, azamba, ngakhale amalonda a pamsika pano amene ana awo akuvutika chimodzimodzi. Ndipo kumbukirani kuti amene mukulimbana naye lero si mdani wanu. Namwino wokalipa uja mwina waona odwala 100 chiyambire m'mawa ali yekha. Mukamunyoza pagulu adzauma mtima. Mukamufunsa kuti, "Ife a kalabu tingathandize bwanji?" mwina ndiye adzakhala woyamba kukutsegulirani chitseko.

Chachisanu ndi chimodzi, gwiritsani ntchito zimene mumadziwa kale: zisudzo, nyimbo, ndakatulo, magule, mpira. Tsiku la msika pano pa Jenda pamadzaza anthu, ena ochokera ku Zambia komwe. Sewero la mphindi 20 la bambo wosinthanitsa mwana wake ndi ng'ombe lingalowe m'mitima momwe kalata singafike. Koma musatchule dzina la munthu, ndipo sewero likatha funsani anthu maganizo awo.

Za kuyenda pamsewu

Zonsezi zikakanika, muli ndi ufulu wochita zionetsero. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi ena, mwamtendere ndi mopanda zida. Mawu awiri omalizawo muwagwiritse. Lamulo la apolisi likufuna kuti mudziwitse bwanamkubwa mwa kalata, kusanatsale maola ochepera 48, ndipo apolisi adziwenso. Inu amene simunakwane zaka 18, musachite izi popanda akuluakulu oyang'anira kalabu.

Gwirizanani njira yodzera, poyambira ndi pothera. Sankhani anzanu odekha oti aziyang'anira mzere. Woledzera asalowe. Wonyamula mwala, legeni kapena chikwanje abwezedwe, ngakhale akhale mnzanu wapamtima. Musatseke msewu wa M1. M'galimoto mukuimitsayo mwina muli mayi wopita kukachira. Perekani chikalata chanu, imbani nyimbo, balalikani dzuwa lisanalowe. Wina akakutukwanani, musabweze. Zikavuta, khalani pansi nonse. Munthu wokhala pansi manja ali poyera n'kovuta kumunamizira kuti ndiye anayamba.

Ndikunena izi chifukwa tinaonapo zoopsa. Pa 20 Julaye 2011 kunali zionetsero m'mizinda ya dziko lino. Zinthu zinasokonekera, masitolo anathyoledwa, apolisi anaombera, ndipo anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu konkuno. Ambiri anali achinyamata. Palibe mwala umene unayenera kulipidwa ndi moyo wa munthu, ndipo oombera anthu ali ndi mlandu wawo. Koma inu ndikufuna mudzafike kunyumba amoyo. Samalaninso ndi anthu okupatsani ndalama kapena mowa kuti mukachite phokoso. Zikavuta, iwo amakhala ali kunyumba kwawo, m'chitokosi muli inu.

Chinsinsi cha mnzanu si chida chanu

Ili ndi lamulo lalikulu kwa ife a makalabu a Edzi. Pomenyera ufulu wa mnzanu amene ali ndi kachirombo, musaulule dzina lake kapena kumuloza, pokhapokha iye mwini atafuna. Mu Disembala 1998, mayi wina wa ku KwaMashu ku South Africa, Gugu Dlamini, anaphedwa ndi anthu a m'dera lake atangoulula poyera kuti ali ndi HIV. Masiku ano zinthu zasintha kwambiri, koma kusalana sikunathe. Kuulula ndi chisankho cha mwini wake. Mufunseni kaye kuti, "Ukufuna tikuthandize bwanji?" Chimodzimodzi mtsikana wokwatiwitsidwa uja: nkhani yake ipite kwa oteteza ana mwakachetechete, osati pa WhatsApp.

Kodi njirayi imatheka nthawi zonse?

Ndikanama ndikati inde. Njira yamtendere imachedwa, ndipo nthawi zina imapweteka. Chihana anakhala m'ndende. A TAC anaika m'manda anzawo ambiri akudikira mankhwala. Ku America, anthu akuda a mumzinda wa Montgomery, motsogozedwa ndi Martin Luther King, anayenda pansi masiku 381 akukana kukwera mabasi a tsankho, mpaka lamulo linasintha mu 1956. Masiku 381, anzanga! Ife kalata imodzi ikapanda kuyankhidwa timati basi zakanika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina mudzapempha zitatu n'kupatsidwa chimodzi. Landirani, thokozani poyera, lembani m'buku la kalabu, kenaka bwererani kukapempha chachiwiri.

Tsono ntchito yanu nayi. Kalabu iliyonse isankhe vuto limodzi pa atatu aja. Mlungu uno fufuzani zoona zake. Mlungu wamawa lembani kalata. Mwezi usanathe mukhale mutaonana ndi woyenera. Tikadzakumananso, kalabu iliyonse idzabwere ndi faelo yake, tidzamve kuti munagogoda pati ndipo anakuyankhani chiyani, ngakhale yankholo likhale lokana.

Mchimwene amene munakamba za magalasi uja, ndikupemphani kuti kalata ya kalabu yanu mukailembe ndinu, ndipo mukaipereke ndinu. Mkwiyo muli nawowo ndi wabwino, ukusonyeza kuti mumawakonda anzanu. Ine wanga ndinauponya pa zenera la laibulale, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mnzanga wa masamu uja mtima umandipweteka. Wanu muugwiritse ntchito bwino kuposa ine.

Achinyamata oyee!